Mphini pa Msana wa Chiletso

Spinney Hill, Leicester
12 Febuluwale 2018

Okondedwa achemwali anga a Keturah,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Bilira. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira. Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa foni ndi ya bambo ake Chiletso, amapita nayo kuntchito, komanso nkhaniyi sindikufuna aimve. Ndinawauzako kamodzi anangoseka.

Achemwali, ndili ndi mantha ndi mwana wanga.

Nyumba zakuno ndi zogundana, khoma limodzi. Mbali inayo kumakhala mayi wina wachimwenye, a Banu, pamodzi ndi amayi awo okalamba amene anabadwira ku Limbe. Onse awiri Chichewa amayankhulako. A Banu mwana alibe. Masiku amene ndimapita kukakolopa m'maofesi, Chiletso akaweruka kusukulu amakhala kwa iwowo, ndipo ndimawathokoza. Koma chiyambire Khirisimasi mwana wasintha. A Banu amamuonetsa katuni ya ku Japan ya atsikana anayi a sukulu, maso akuluakulu ngati a kadzidzi. Mtsikana amakweza ndodo m'mwamba n'kunena mawu ena ake, pomwepo zovala zasintha, tsitsi lasintha, wayamba kuuluka. Palinso kanyama kamene kamayankhula nawo ngati munthu.

Ndiye a Banu anam'patsa ndodo yotero, yapulasitiki, yakalekale mpaka utoto unasupuka, ili ndi nyenyezi kumapeto. Saisiya, ngakhale kubafa. Lachinayi ndinam'peza ataima pamwamba pa masitepe, manja atatambasula, akufuna kudumpha. Ndinam'gwira diresi. Mukudziwa kuti Chichewa amamva koma amayankha Chingerezi, ndipo Chingerezi changa ndi cha Sitandade 6. Koma izi zokha ndinamva bwinobwino. Akuti ali ndi dzina lina limene ine sindilidziwa. Akuti ali ndi anzake amene amauluka nawo. Nditafunsa dzinalo anati saloledwa kuuza makolo, ndi lamulo.

Achemwali, kodi si mawu omwe aja ananena mwana wa kwa a Kachingwe chaka chija, pamene zinaululika kuti ankaphunzitsidwa ufiti? Chiletso ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha.

Ndaikamo pepala limene ndachotsa pa chikuto cha chimbale cha katuniyo kuti muone nokha. Mundiyankhe msanga chonde. A Jameson, anzawo a bambo ake Chiletso, ali ku Ntcheu pa tchuthi, abwerera kuno pakati pa Malichi. Mukawapatse yankho m'manja, lomata bwino. Mundiuzenso za mvula.

Ine mng'ono wanu,
Phoebe


Bilira, Ntcheu
9 Malichi 2018

Wokondedwa make Chiletso,

Moni wochuluka. Kuno tonse tili bwino. Mvula inadula mu Januwale, chimanga cha kumtunda chinapserera, koma cha kudimba chilipo.

Kalata yako ndinawerenga katatu. Pepala lija ndaliona. Iwe, munthu wamkulu wopanda mwana, kusunga chidole zaka zonsezo n'kudzapatsa mwana wa mnzake, sunadzifunse kuti akufunanji? Ndipo umamusiya kudya kumeneko. Amayamba ndi chakudya, ukudziwa iwe. Kenako dzina, kenako lamulo loti asauze makolo. Zonse wazilemba wekha, ndipo zikutsatana ngati mizere. A Kachingwe anachedwa, ukudziwa mmene zinathera. Ife tisachedwe.

Ndinapita ku Kasinje kwa bambo aja anakutema mphini za chifuwa uli mwana. Akalamba koma mutu ukugwira. Akuti mwanayo sanafike patali, chifukwa akadafika patali sakadakuuza chilichonse. Andipatsa mankhwala akuda, ali m'kapepala m'kati mwa mfutso umene ndakutumizira. A Jameson akudziwa za mfutso wokha. Ugule lumo latsopano. Uteme mphini ziwiri kuseri kwa phewa lililonse ndi ziwiri pamunsi pa msana, upake mankhwalawo. Alira, koma iwenso unalira, lero suli moyo?

Ndodoyo utaye kutali. Kwa mayiyo asapondekonso. Alamu usawauze, amuna akawerenga mabuku amaiwala kumene anachokera.

Limba mtima, mng'ono wanga. Amayi akadakhala moyo akadachita chimodzimodzi.

Ine,
Keturah


Bilira, Ntcheu
20 Malichi 2018

Phoebe,

Moni ndipereka pambuyo. Ngati sunateme, USATEME.

Dzulo ndinapita kusikelo ndi mwana wanga wamng'ono. Pepala lako lija ndinali nditalipinda m'buku la kuchipatala, ndinaiwala. Namwino wathu watsopano, a Michelle, potsegula bukulo pepala linagwa. Anatola, analiyang'anitsitsa, kenako anayamba kuimba. Ndikunena zoona, kuimba nyimbo yonse mpaka kumapeto, anthu ali pa mzere. Anaitana mnzawo wa kumankhwala, nayenso akuidziwa, anayamba kukangana kuti wamphamvu ndi wovala zofiira kapena wovala zobiriwira. Anthu akuluakulu a mayunifolomu.

A Michelle anakulira ku Chilomoni. Akuti bambo awo ankabwera ndi matepi a vidiyo kuchokera ku Joni, ana a mzere wonse ankadzadza pa khonde kuonera pa zenera. Akuti ndodo analibe, ankaba mithiko ya amayi awo. Nditawauza maganizo athu anaseka mpaka misozi, amvekere: "Mayi, ngati umenewu ndi ufiti ndiye kuti kalasi lathu lonse la Sitandade 4 tinali afiti, ndipo ine ndinali mfumu yawo."

Koma nditatchula za mphini kuseka kunatha. Akuti kumeneko mwana akapezeka ndi bala lochita kutemedwa, boma limamutenga, ndipo safunsa za mwambo. Anandibwereka foni yawo, tinaimba nambala ya alamu katatu, sinayankhidwe. A Jameson ananyamuka kale. Ndiye ndathamangira ku positi.

Mankhwala aja utaye m'chimbudzi. Ndapota nawe. Ana moni akupereka.

Keturah


Spinney Hill, Leicester
25 Malichi 2018

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino. Katundu ndinalandira kwa a Jameson, zikomo chifukwa cha mfutso. Pepani za chimanga.

Ndachita dzulo m'mawa. Bambo ake anali ku Loughborough, kunyumba ya okalamba kumene amagwira ntchito. Ndinadikira kuti sukulu atsekere tchuthi cha Pasaka, masabata awiri, kuti pofika tsiku lotsegulira zikhale zitapola.

Ndinamuonetsa mphini zanga za pachifuwa, ndinati taona, amayi akonso ali nazo, ndi mankhwala akwathu. Anazikhudza ndi chala. Kenako anagona chafufumimba pabedi yekha, osakakamiza. Yoyamba anakuwa. Zinazo analuma pilo. Imodzi ya pamunsi inalowa kwambiri kuposa zinzake.

Nditamaliza anandifunsa m'Chingerezi ngati walakwa chinachake. Ndinati ayi. Anafunsa ndodo yake. Ndinali nditaiponya kale m'bini yapanja, ndipo galimoto ya zinyalala inatenga Lachisanu. Sanalire. Kusalirako n'kumene kukundiopsa.

A Banu anagogoda masana ndi mbale ya samusa. Ndinayankhira kuseri kwa chitseko kuti mwana sabweranso kwanu. Anafunsa chifukwa chake. Ndinati mukudziwa nokha zimene mwam'phunzitsa. Anaima pamenepo nthawi yaitali, ndimaona mthunzi wawo pa galasi.

Kodi ndidziwa bwanji kuti mankhwala agwira? Mukawafunse bambo aja mundiuze.

Ine,
Phoebe


Spinney Hill, Leicester
12 Epulo 2018

Achemwali,

Amutenga. Chiletso amutenga.

Kalata yanu yoti ndisateme yafika dzulo. Ndaiwerenga nditakhala pa masitepe, nyumba ili zii.

Sukulu anatsegulira Lolemba. Lachiwiri kalasi lawo limapita kukasambira, ine ndinaiwaliratu. Mphini zisanu zinali zitauma koma zikuoneka zakuda. Ya pamunsi ija inali itatupa, ikutuluka mafinya, ndipo iye sanandiuze, ankavala yekha n'kumagona chammbali. Aphunzitsi anaona povula. Nditapita kukamutenga pa geti anandilowetsa mu ofesi, munali mayi wa sosho, amene amaona za ana, ndi wapolisi wamkazi. Mwana anali kale kuchipatala. Sanandilole ngakhale kumuona.

Anam'funsa kuti wakucheka ndani. Achemwali, mwana uja anati palibe, akuti ndi mabala a kunkhondo, anamenyana ndi adani. Anam'funsa aphunzitsi, anam'funsa dokotala, anam'funsa a sosho, yankho lomwelo. Ndiye apolisi anapita ku Loughborough kukatenga bambo ake pa ntchito, anzawo akuona. Iwo samadziwa kanthu. Nditamva kuti akuwaganizira iwowo ndinanena ndekha kuti ndine. Ndinawapatsa lumo, mankhwala otsala, ndi kalata yanu yoyamba ija. Pepani, dzina lanu lili ku polisi ya kuno.

Anabweretsa womasulira, mzimayi wa ku Zambia. Ndinavula bulauzi kuwaonetsa mphini zanga kuti aone kuti si nkhanza. Wapolisi anangoti valani, n'kulemba m'buku. Mawu oti ufiti atangomasuliridwa, onse anayang'anana. Womasulira anandinong'oneza potuluka kuti mawu amenewo kuno ndi oopsa kuposa lumo, chifukwa kunachitikapo zoti ana anafa makolo akuti akuwachotsa mizimu.

Bambo ake sakundiyankhula. Chimene anena n'choti nambala ya ku Malawi ija anaiona katatu, anayesa ndi achibale opempha, sanabweze.

Chiletso ali kwa banja lina la azungu, sindikudziwa msewu wake. Akuti ndizikamuona Lachitatu lililonse, ola limodzi, m'chipinda cha boma, munthu atakhala pakona ndi cholembera. Akuti khothi lidzagamula ngati abwerere kwathu kapena ayi. Loya wandiuza kuti ndikonzeke zonse ziwiri.

Sindikukuimbani mlandu. Lumo linali m'dzanja langa. Ndipempherereni.

Phoebe


Spinney Hill, Leicester
6 Meyi 2018

Kwa mayi Keturah,

Muli bwanji? Ine ndine Banu Sattar, wa nyumba yogundana ndi ya Phoebe. Chichewa changa ndi chochepa, amayi anga akundiuza mawu, ine ndikulemba. Adiresi yanu wandipatsa Phoebe. Anabwera kwathu sabata yatha, anagwada pa chitseko. Amayi anga anam'dzutsa, anati kuno anthu akaona munthu wagwada pa msewu amaimbira ambulansi.

Ndikufuna mudziwe za ndodo ija. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi bambo anga anadwala khansa. Kusukulu ana ankandiseka chifukwa cha mpango wanga ndi fungo la chakudya chathu. Tsiku lililonse ndikafika kunyumba katuni ija inali pa TV. Mtsikana wamkulu m'nkhaniyo ndi wachibwibwi, anzake amamuseka, koma akakweza ndodo mawu ake amatuluka bwinobwino. Kwa theka la ola ndinkaiwala kuti m'chipinda chinacho bambo akubuula. Ndodoyo anandigulira ndi iwowo pa msika, miyezi iwiri asanamwalire. Lero ndili ndi zaka 34, ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo chaka chilichonse ndimapita ku Nottingham kumene azimayi a msinkhu wanga timakumana titavala ngati atsikana amenewo. Ena ndi madokotala, wina amayendetsa basi. Timaimba nyimbo ija ndipo ena amalira.

Ndinam'patsa Chiletso chifukwa ndinamuona amakhala yekha pa bwalo la sukulu ngati ine kale. Nditamva kuti inapita ndi zinyalala ndinakwiya kwambiri. Sindinama, mpaka pano mtima ukuwawa. Ndinalakwanso ine, sindinakhale pansi ndi Phoebe kumuonetsa katuniyo ndi kum'masulira.

Za lamulo losauza makolo, tanthauzo lake ndi ili. M'nkhaniyo adani akadziwa mayi wa mtsikana, amapita kukam'pweteka mayiyo. Ndiye mtsikana amabisa dzina lake, amabisa mabala ake, kuti amayi ake akhale bwino. Si china ayi.

Ndauza a sosho kuti zaka zitatu ndakhala khoma limodzi ndi Phoebe sindinamvepo akumenya mwana. Tsopano loya akufuna kalata yochokera kwa inu. Mulembe kuti mphini ndi chiyani kwanuko, kuti malangizo anachokera kwa inu, ndi kuti munayesa kuletsa. Namwino uja asainenso ndi kudinda chidindo. Ifike isanathe Juni.

Amayi anga akufunsa ngati ku Ntcheu kukadali mbatata ya kachewere ya pa msewu ija.

Ine,
Banu


Bilira, Ntcheu
4 Juni 2018

Wokondedwa mng'ono wanga,

Moni. Kuno tilipo. Ine tulo ndi chakudya zinandithawa.

Kalata ya kukhothi talemba ndi a Michelle, iwo aika m'Chingerezi, adinda. Ndanena zonse, kuti ndinapita ku Kasinje ndine, kuti ndinakuuza ubise kwa alamu ndine. Ngati akufuna womumanga abwere adzatenge ine. Uwauze a Banu kuti ndawalakwira ndisanawaone nkhope, ndipo kachewere akadalipo.

Bambo a ku Kasinje anamva, anatumiza uthenga kuti ali ndi kamtsitsi ka mlandu, koika kunsi kwa lilime polowa m'khothi. Sindinatenge. Ndati ndiyambe ndakufunsa.

Undiuze mmene mwana akuonekera. Akudya?

Keturah


Normanton, Derby
14 Okutobala 2018

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Pepani ndakhala chete miyezi yonseyi, ndinkadikira kuti ndikhale ndi chonena. Onani adiresi yasintha.

Kamtsitsi kaja musatenge, ndipo ku Kasinje musapitenso chifukwa cha ine.

Khothi linagamula mwezi watha. Kalata yanu anaiwerenga, inathandiza, sananditsekere. Chiletso wabwerera kunyumba kwa bambo ake. Koma ine ndiye sindiloledwa kukhala m'nyumbamo. Akuti chaka chimodzi, ndiziphunzira maphunziro a makolo, kenako adzaonanso. Sanalonjeze kanthu. Ndikukhala kuno ku Derby m'chipinda cha mayi wina wa kumpingo, ndikugwira ntchito pa fakitale yokonza masangweji. Mwana akaweruka amakhala kwa a Banu. A sosho avomereza kuti ndizimuonera kumeneko Loweruka lililonse, maola awiri, a Banu ali pomwepo. Munthu amene ndinamutsekera chitseko ndi amene pano amanditsegulira.

Mwafunsa ngati akudya. Akudya, watalika. Chichewa anasiyiratu, kwa azungu kuja miyezi isanu kunamuiwalitsa ngakhale moni. Ndikafika amakhala mbali ya a Banu. Ndikati ndim'konze kolala amapendeketsa msana.

Poti tilibe zokamba zambiri, timaonera katuni ija, zigawo ziwiri Loweruka lililonse, a Banu akundimasulira. Tinayambira pachiyambi penipeni. Achemwali, ndi nkhani yabwino. Mtsikana wachibwibwi uja amafika kunyumba atavulala, amayi ake akum'kalipira kuti wang'amba yunifolomu, iye amangoti pepani. Pamenepo ndinatuluka kupita kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve. Zigawo zilipo zoposa zana. Ndawerengera, chaka chikamatha tidzakhala tikumaliza.

Zija munalemba za a Michelle ndi mithiko sindinaiwale. Ndinatenga mthiko wanga umene ndinachoka nawo kwathu, ndinadula nyenyezi pa katoni, ndinakuta ndi pepala lonyezimira la kufakitale, n'kumata kumapeto. Ndinam'patsa masabata awiri apitawo. Anauyang'ana, anausiya pa mpando. A Banu akuti Lolemba lake anaupeza m'chikwama chake cha kusukulu. Sindinam'funse.

Dzulo nthawi itatha ndinavala jekete kuti ndikakwere basi. A Banu anali kukhitchini. Chiletso ananditsatira mpaka pa chitseko, chimene sanachitepo. Anaima manja ali kumbuyo, akuyang'ana nsapato zanga. Milomo inkayenda ngati akusanja mawu. Kenako anayankhula Chichewa, chopindikapindika.

"Mami, ine sindinanene."

Achemwali, miyezi isanu ndi umodzi mwana wakhala akuganiza kuti anatilekanitsa chifukwa iye analephera kubisa.

Ndinagwada kuti tifanane msinkhu. Ndinati, ndikudziwa mwanawe, ndinanena ndine. Iwe sunalakwe, ndipo wina akadzakupwetekanso, ngakhale ndi ine, udzanene. Sindikudziwa ngati anamva zonse. Ndinafuna kumukumbatira koma manja anga akadafika pa msana, ndiye ndinangom'gwira zala.

Basi inandisiya. Ndinadikira ina.

Perekani moni kwa alamu ndi ana.

Ine mng'ono wanu,
Phoebe